Agogo a ku Chintheche akufuna ana awo, osati Klara

Mu 2021 Kazuo Ishiguro, mlembi wa ku Britain wobadwira ku Nagasaki yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 2017, adatulutsa buku la nthano lotchedwa Klara and the Sun. Wosimba nkhani yonse ndi Klara, loboti yooneka ngati mtsikana, yoyendera mphamvu ya dzuwa, imene imagulitsidwa m'sitolo kwa makolo ofunira ana awo wocheza naye. Mayi wina amaigulira mwana wake Josie, mtsikana wa zaka 14 wodwaladwala. Ambiri okamba za bukuli amathamangira kufunsa ngati makina angathe kukonda munthu. Funso limenelo n'lokoma kukambirana, koma limabisa lina lowawa: munthu akagulira m'bale wake mnzake wa m'sitolo, amene wapepukidwa ndani, wogulirayo kapena wogulidwirayo? Ndikuti yankho la funso limeneli likukhudza anthu a m'mbali mwa nyanja ku Chintheche kuposa mmene likukhudzira anthu a ku London, chifukwa Atonga a ku Nkhata Bay akhala akulimbana ndi kusowana kwa pachibale kwa zaka zoposa 100.

Mbiri yake n'njodziwika. Mishoni ya Livingstonia itachoka ku Cape Maclear n'kudzakhazikika ku Bandawe mu 1881, sukulu zake zidatulutsa anyamata odziwa kulemba ndi kuwerenga pamene ntchito yowayenera kwawoko kunalibe. Adayamba kupita ku Halale, ku migodi ya ku Zambia ya lero ndi ku Joni. Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, yemwe adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, adafera ku East London mu 1951. Wofufuza za chikhalidwe Jaap van Velsen, yemwe adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, adapeza kuti amuna oposa theka sanali pamudzi pa nthawi ina iliyonse. Ndege ya WENELA, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Kamuzu lidaimitsa ulendo wa ku migodi. Udayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, bungwe lolowa m'malo mwa WENELA, n'kudzathera mu 1988. Koma ulendo wa ku Joni sudathe. Lero anyamata ndi atsikana amakwera basi mwa okha, ana n'kutsala ndi agogo, ndalama n'kumabwera pa Mukuru, mawu n'kumabwera pa WhatsApp.

Chimene van Velsen adaona, chomwe adachilemba m'buku lake la 1964 la The Politics of Kinship, n'chakuti midzi ya Atonga sidapasuke ngakhale amuna ambiri chotere anali kutali. Sidapasuke chifukwa wopita uja sankamasuka. Mkazi wotsala ankalima chinangwa n'kudyetsa ana kondowole, koma anali ndi pokadandaula mwamuna akasiya kutumiza kanthu. Malume ankatha kuitanitsa bwalo. Munthu wofuna kudzapeza malo ake, dzina lake ndi manda ake kwawo ankadziwa kuti ayenera kuyankha makalata, kuthandiza pa maliro ndi kubwerako. Wotaya zonsezi ankatchedwa mtchona, ndipo dzinalo linali chitonzo. Apa m'pamene pagona nkhani: chibale chidalimba chifukwa otsala anali ndi mphamvu yovutitsa opita. Kusungulumwa kwa nkhalamba kunali mlandu wa wina wake, ndipo mudzi wonse unkamudziwa wina wakeyo.

Tsopano taonani zimene Ishiguro akutionetsa. Josie akudwala chifukwa mayi ake adasankha kuti madokotala amusinthe chibadwa kuti akhale wanzeru zoposa, chonsecho mkulu wake Sal adamwalira nazo zomwezo. Mayiwo amakhalira ku ntchito, bambo adachoka pakhomo, ana a m'dziko limenelo amaphunzira paokhapaokha pa zipangizo za m'manja. Klara akulowa m'mpata umene anthu asiya. Pakati pa nkhani timadziwa chinsinsi choopsa: mayi agwirizana ndi munthu wina dzina lake Capaldi kuti apange thupi lofanana ndi Josie, kuti mwanayo akamwalira Klara alowemo n'kupitiriza kukhala Josie. Mayiyu akufuna kuthawa maliro asanachitike. Josie amachira, n'kupita ku koleji, ndipo Klara amakathera ku bwalo lotayako zinthu zotha ntchito, osadandaula, osaimba aliyense mlandu. Owerenga ambiri amamvera Klara chisoni. Ine chimene chimandiopsa n'kufatsa kwakeko. Anthu a m'nyumba ija apeza chimene mtima waulesi umalakalaka: wokukonda amene sadzakufunsa chifukwa chake sudabwere, amene sungamulakwire, amene ukhoza kumutaya popanda wokuitanira ku bwalo.

Wina anena kuti izi n'zopeka za mayiko olemera, ife vuto lathu ndi mtengo wa chimanga ndi feteleza. Amene akunena choncho ayang'ane foni yake. Mu April 2024 kampani ya Meta idaika Meta AI mu WhatsApp ndi Facebook m'mayiko angapo a kunja kwa America, ndipo Malawi adali m'gulu loyambiriralo pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Klara wathu sadzafika pa sitima ya Ilala ali ndi manja ndi miyendo; wafika kale m'foni yotchipa imene mwana adatumiza kuchokera ku Johannesburg. Ndipo sipafunika makina anzeru kwambiri kuti munthu awakhuthulire za kukhosi. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa ku yunivesite ya MIT ku America adapanga pulogalamu yosavuta yotchedwa ELIZA, imene inkangobweza mawu a munthu ngati mafunso, koma iye mwini adadabwa kuona anthu akuiululira zinsinsi, mpaka mlembi wa mu ofesi yake adamupempha atuluke kuti acheze nayo payekha. Ngati chidole cha 1966 chidatha kutero, nanga makina a lero amene akuyamba kuyankha m'Chichewa, ndipo mawa adzayankha m'Chitonga ndi mawu a pakamwa, adzamutani mwana wa zaka 13 amene mayi ake sadawaone zaka zinayi?

Mtsutso wolemera kwambiri ndi wa chifundo. Ngati gogo wa ku Bandawe kapena ku Kande amagona osalankhula ndi munthu, kodi si bwino kuti alankhule ndi makina kusiyana n'kukhala duu? Ku Japan okalamba ena m'nyumba zosungirako nkhalamba amasangalala ndi loboti yooneka ngati kanyama ka m'nyanja yotchedwa Paro, ndipo sindikana kuti mtima wawo umakhalako pansi. Koma mtsutsowu ukuyamba ndi kuvomereza chimene sitiyenera kuvomereza, chakuti gogoyo alibe munthu. Ali nawo: ana ku Joni, adzukulu ku Mzuzu, mpingo, anansi. Kudandaula kwake pa foni, kuja kumene ana amati agogo amavuta, ndi belu limene limadzutsa abale. Mukamupatsa makina omutonthoza, mwazimitsa beluyo koma moto ukadayaka. Makina sadzaona kuti ufa watha, sadzamuperekeza ku chipatala cha Chintheche, sadzaima pakati pa iye ndi gulu la anthu limene likumunena kuti ndi mfiti. M'dziko limene nkhalamba zikuphedwabe chifukwa cha miseche ya ufiti, mpaka Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loteteza okalamba mu 2024, chotchinjiriza nkhalamba n'chakuti anthu azidziwa kuti ili ndi eni ake amene amafika pakhomo.

Enanso akumbutsa kuti Klara wa m'bukumo ndi wokhulupirika kuposa anthu onse omuzungulira, mpaka amalola kutaya madzi ofunika a m'mutu mwake pokhulupirira kuti dzuwa lichiritsa Josie. N'zoona. Koma Klara ndi wa m'maganizo mwa mlembi, pamene anzathu a m'foni ali ndi eni ake ochita malonda. Pulogalamu ya Replika, imene idatuluka mu 2017, idachokera pa chisoni cha Eugenia Kuyda amene adasonkhanitsa mauthenga a mnzake womwalira kuti azichezabe naye. Mu February 2023 boma la Italy lidailetsa kugwiritsa ntchito zinsinsi za anthu a m'dzikomo, poopera ana ndi anthu osweka mtima. Kampaniyo itasintha mmene pulogalamuyo imayankhira, anthu ambiri adalira ngati aferedwa. Mu 2024 mayi wina ku Florida adasumira kampani ya Character.AI mwana wake wa zaka 14 atadzipha, atakhala miyezi akucheza ndi munthu wopeka wa m'pulogalamuyo. Mnzako amene khalidwe lake likhoza kusinthidwa usiku umodzi mu ofesi ya ku California, amene amapindula ukamachedwa naye, sangatchedwe wokhulupirika kwa iwe. Kukhulupirika kwake kuli kwa womulemba ntchito.

Sindikuti titaye makinawa m'nyanja. Pulogalamu ya Ulangizi, imene bungwe la Opportunity International lidayambitsa pa WhatsApp kuti iziyankha alimi mafunso a ulimi m'Chichewa, ikugwira ntchito imene alangizi ochepa a boma sangaikwanitse okha. Msodzi wa usipa wofuna kudziwa za mphepo ya mwera, kapena mayi wofuna kudziwa matenda a chinangwa, afunse makina ndipo athandizidwe. Malire ali apa: makina oyankha funso n'kukubweza kwa anthu ndi chida, koma makina onena kuti amakukonda, akusowa, usapite, akulowa m'malo a m'bale popanda kusenza udindo wa m'bale. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Awiriwo ayenera kukhala oti aliyense akhoza kudwala, kukwiya, kukongola ndi kufa, chifukwa umunthu umaphunziridwa posamalira wina amene naye akufuna chisamaliro. Mwana wokula ndi mnzake wosatopa, wosakana ndi wosamva njala adzakula osadziwa kupepesa. Ngakhale Klara yemwe, kumapeto kwa bukulo, amazindikira kuti sakadatha kukhala Josie, chifukwa chimene chinali chapadera mwa mtsikanayo chinkakhala m'mitima ya omukonda.

Choncho pali ntchito ya aliyense. Bungwe la MACRA, limene lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu lidalipatsa udindo woyang'anira nkhanizi, lisadikire kuti tiyambe taika mwana m'manda. Linene poyera zimene mapulogalamu ocheza ndi ana aloledwe kuchita ndi zimene amasunga za iwo. Aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, kuyambira a CCAP ku Bandawe mpaka a mipingo ing'onoing'ono ya m'midzi, afunse ana amene makolo awo ali kunja kuti usiku amacheza ndi yani. Mafumu abwezeretse mwambo woitanitsa mwana amene wataya kholo lake, ngakhale mlanduwo uzengedwe pa foni. Ndipo inu muli ku Joni, amene tikudziwa kuti moyo wanu ngwovuta, mapepala akusowa ndipo nkhanza kwa alendo sizikutha: kutumiza foni ndi bandulo sikukuchotserani ngongole. Imbani nokha, mverani madandaulo a amayi anu mpaka atsirize, ndipo konzani ulendo wobwera kudzawaona akadali moyo. Ngati kudandaula kwawo kudzatha chifukwa apeza makina owamvetsera, musadzati zinthu zakhala bwino kumudzi. Mudzadziwe kuti akutayani.