Pakhonde la Madrasa: Safunsa Adadya Phula

Ulendo uno tikambirane za njala ya pamsika, chifukwa yagwetsa anthu ambiri amene kunyumba kwawo ndi osamala pa zakudya.

M'mwezi wa Shabani chaka cha 2023 tidanyamuka kuno kwa Maganga kupita ku Johannesburg kukaona mchemwali wathu ndi banja lake, komanso kukagula mabuku a pamadrasa ndi tizovala ta ana ta pa Idi. Basi idadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo tidafika miyendo itatupa. Titapumula, alamu athu adatitengera ku Fordsburg, dera limene kuli Asilamu ambiri, kuti tikaone katundu ku Oriental Plaza. Msika umenewu udamangidwa m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la tsankho linkachotsa amalonda achimwenye ku Pageview. Tidalowa sitolo iyi ndi iyo, kunenerera mitengo mpaka dzuwa kupendeka. Titaswali Asr, m'mimba mudayamba kulira.

Chapafupi padali timisasa ta zakudya. Mwana wa mchemwali wathu, wobadwira konko, adatikoka dzanja nati, "Amalume, lero mulawe chakudya cha ku Thailand." Ife tidaima chilili. Tidali titamva kuti kudziko limenelo nkhumba ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku, choncho tidati bola tingogula buledi ndi chakumwa. Alamu adaseka. "Alamu, si inu mumauza ana kuti safunsa adadya phula? Funsani."

Tidayandikira n'kuyamba kuthyola Chingerezi chathu. Mnyamata amene adali pachiwaya adatiyang'ana, natiyankha kuti, "Amwalimu, lankhulani Chichewa basi. Ine kwathu n'ku Chipoka." Tonse tidafa nacho chikhakhali.

Tidamufunsa mafunso atatu. Nyamayi yachokera kuti, ndipo adazinga ndani? Mafuta ndi chiwayachi zimakhudzanso chiyani? Nanga m'mabotolomu muli chiyani?

Mnyamatayo sadakwiye. Adationetsa chikalata cha butchala imene amagulako nkhuku, chokhala ndi chidindo cha SANHA, limodzi mwa mabungwe oona za halaal ku South Africa, limene lidayamba mu 1996. Adatinso nkhumba siyifika pamalopo chifukwa mwini wake ndi mayi wa Chisilamu wochokera kumwera kwa Thailand. Apa ife aphunzitsi tidasanduka ophunzira. Ngakhale anthu ambiri a dzikolo ndi Abuda, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 20 alionse ndi Msilamu, ndipo m'zigawo za Pattani, Yala, Narathiwat ndi Satun Asilamu ndiwo ochuluka. Ambiri mwa iwo amatsata madhihabu a Imam Shafi'i monga ife kuno. Ali ndi bungwe lawo, Central Islamic Council of Thailand, limene limaika chizindikiro cha halaal pa zakudya. Ngakhale ndiwo yawo yotchuka yotchedwa massaman akuti dzina lake lidachokera ku liwu lakale lotanthauza Msilamu.

Botolo limene tidalikayikira kwambiri lidali la madzi ofiirira. Atalitsegula, fungo lake lidatifikitsa pathandala la usipa ku Senga Bay. Amalitcha nam pla. Amatenga tinsomba ting'onoting'ono ta m'nyanja ya mchere, tonga usipa wathu, n'kutithira mchere wambiri, n'kutisunga m'mitsuko ikuluikulu kwa chaka kapena kupitirira, kenaka n'kutsanula madzi ake. Madziwo ndiwo mchere wa m'ndiwo zawo. Mtima udakhala pansi, pakuti mu Surah Al-Ma'idah ndime 96 zam'nyanja zidaloledwa kwa ife, ndipo nsomba siyifuna kuzinga.

Chakudya chimene adatikonzera amachitcha pad thai. Ndi tizingwe ta ufa wa mpunga tokazinga pamoto waukali pamodzi ndi dzira, nkhuku, madzi a bwemba ndi shuga pang'ono, pamwamba n'kuwazapo mtedza wosinja, tsabola ndi madzi a ndimu. Tidati Bismillah n'kuyamba. Kuwawasa, kutsekemera, mchere ndi kuwawa zidakumana m'kamwa nthawi imodzi. Tsabola adatitulutsa misozi, mwana uja n'kumatiseka, koma m'mbale simudatsale kanthu. Tidadabwa kuona kuti zambiri zimene zidali m'mbalemo ndi zomwe zili kuseri kwa nyumba zathu.

Tsono musamve ngati tanena kuti chakudya chilichonse cha ku Thailand ndi halaal. Ayi ndithu. Amene mumapita ku Bangkok kukaoda katundu sungani mawu atatu awa: mu ndi nkhumba, kai ndi nkhuku, pla ndi nsomba. Dziwaninso kuti m'malo ambiri msuzi amauphika ndi mafupa a nkhumba ngakhale pamwamba aikepo nkhuku, msuzi wina amathiramo magazi, ndipo ophika ena amadontheza mowa m'chiwaya kuti chakudya chinunkhire. Zimenezi maso sangazione. Pamafunika pakamwa.

Koma nkhani yathu yeniyeni si ya ku Johannesburg kapena ku Bangkok. Ndi ya pano pakwathu. Ndi angati mwa ife amene tikapita kukagula zinthu pa Kamuzu Road kapena mumsika wa ku Lilongwe timangoima pachiwaya chilichonse n'kuloza tchipisi? Timati, "Ine nyamayo sindikudya, ndingodya mbatatesi." Koma ngati tchipisicho chakazingidwa m'mafuta omwe mwadutsa kapado, kukankhira nyama pambali sikuthandiza kanthu. Ndime 3 ya Surah yomwe ija idaletsa nyama ya nkhumba, magazi, chakufa chokha ndi chozingidwa m'dzina la wina wosakhala Allah. M'madhihabu athu, chiwiya chimene chakhudzidwa ndi nkhumba chimayera pokhapokha chitatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi dothi. Nanga kanyenya wa mbuzi amene timamuthamangira uja, timadziwa amene adazinga?

Pali zolakwika ziwiri zimene taziona pakati pathu. Ena amadya chilichonse n'kumati Allah ngwokhululuka, pamene kufunsa kukadangowatengera mphindi imodzi. Ena amakana chilichonse chachilendo, n'kumanyoza ophika ngati kuti chakudya chimene agogo athu sadachidziwe ndiye kuti ndi haraam. Ife tomwe tidatsala pang'ono kugwa m'dzenje lachiwirili tsiku lija, ndipo tikadamuganizira zoipa mayi wa Chisilamu mnzathu popanda umboni. Chakudya sichikhala haraam chifukwa cha dzina la dziko kumene chachokera, komanso sichikhala halaal chifukwa choti wogulitsa wavala chisoti.

Pofunsa tifunse mwaulemu. Mnansi wathu amene si Msilamu akamagulitsa nyama imene chipembedzo chake chimamulola sadatilakwire. Tipereke moni, tifunse, ndipo yankho likapanda kutikhutiritsa tithokoze n'kupita patsogolo, osalavula malovu kapena kukwinya nkhope. Kumene kuli chikalata cha nthambi ya halaal ya Muslim Association of Malawi tichiwerenge, tione ngati masiku ake sadathe. Kumene kulibe, nthochi, chimanga chootcha, mtedza ndi chinangwa chophika sizidamuphepo munthu ndi njala asadafike kwawo.

Makolo, nkhaniyi ikukhudza kwambiri ana. Timawatuma kuboma ndi ndalama ya sopo ndi mchere, n'kuwapatsa kena koti adye panjira, koma sitiwauza kuti adye pati. Ena mawa lino adzakwera basi ya ku Joni, kumene kulibe mayi wowaphikira. Tiwaphunzitse mafunso atatu aja akadali pakhomo: nyama, mafuta, ndi zothira. Mwana amene wazolowera kufunsa pachiwaya cha ku Salima sadzachita manyazi kufunsa kulikonse kumene angapite.

Titabwerako tidayesa kuphika chakudya chija kunyumba. Tizingwe tija tidalibe, choncho tidakazinga mpunga wa ku Lifuwu ndi dzira, bwemba, nsinjiro, ndimu ndi kambuzi, pambali n'kuikapo usipa. Mayi a kunyumba adalawa, adakhala chete pang'ono, kenaka adati bwemba n'ngwa phala osati wa mpunga. Koma ana adapala mpaka pansi pa poto, ndipo mpaka lero amafunsa kuti tidzaphikanso liti.