Wosula wa ku Migowi akusowa ng'anjo, osati nzeru

Mwezi watha ndinagula chikwanje pa msika wa Migowi n'kutumizira malume anga, msodzi wa ku Swang'oma. Tsiku lachitatu lokha, akudula njedza m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, chikwanje chija chinathyoka pakati ngati phale. Ndalama zanga zinapita basi.

Wosula uja sindikumunena ayi. Iye amatola masipuling'i a galimoto zakutha, kuika pa makala, mwana akuvukuta, kenaka n'kuviika m'madzi. Komatu chitsulo chotere chili ndi malamulo ake. Chimafuna moto wa madigiri oposa 800, chiziziritsidwe mwadzidzidzi mu oyilo, kenaka chitenthedwenso pang'ono, madigiri 200 mpaka 300, kuti chisamasweke. Izi ndinaziphunzira ndisanathawe kukoleji, ngakhale mayi anga amati palibe chomwe ndinatolako. Pa makala moto sufanana, kwina chapsa kwina chikadali chachiwisi. Wosula amayeza ndi diso, ndipo dzuwa likawala diso limanama.

M'mafakitale ntchitoyi imachitikira mu ng'anjo za gasi: chibokosi cha njerwa zopirira moto, gasi akuyaka mkati, kachipangizo kakuyeza kutentha n'kumachepetsa kapena kuonjezera moto. Makasu 50 olowa pamodzi amatuluka olimba mofanana. Zing'onozing'ono ziliponso, zoyendera silinda ngati ya kukhitchini.

Mukuti gasi ndi wodula, amafuna ndalama zakunja? Zoona zimenezo. Nanga makala ndi otchipa? Funsani anthu a m'munsi mwa phiri la Michesi amene anaika maliro a Napolo mu 1991, n'kudzaikanso a Freddy mu 2023. Mapiri akumetedwa mpala, dothi likuthera m'nyanja yomwe inauma mu 1995 ndi 2018. Wosula si amene akumaliza mitengo, koma thumba la makala likalandidwa pa rodibuloko, chipala chake chimazima.

Wosula mmodzi sangaigule ng'anjo yotere, koma khumi atasonkha angathe, n'kumalipiritsa anzawo pa khasu lililonse. Inu ophunzira a ku MUBAS, bwanji osapanga imodzi n'kukaiyesa ku Migowi m'malo molemba malipoti okadya njenjete? Nanunso a TEVETA, maphunziro amenewa afikeko ku Phalombe. Amalonda a mu Limbe, chikwanje chosathyoka mungachigulitse mpaka ku Milange.

Malume atumiza uthenga: ati ndiwagulire cha ku China.