Musanatumize mota kumudzi, werengani kachitsulo ka pambali

Ngati mumakwera minibasi yodutsa ku Garden kapena ku Kalingalinga, simufunika kuuzidwa kuti Lusaka ni tauni ya owotcherera zitsulo. Mageti, mafelemu a zitseko, mbaula, zonse zili ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo phokoso la gilayinda limayamba kondakitala asanayambe kutolera ndalama. Ena mwa anyamatawa amadzipangira okha chida chimene amati gilayinda ya lamba. Ni felemu ya zitsulo, mawilo awiri kapena atatu, lamba wa sandipepa wozungulira pa mawilowo, ndi mota yokoka lambayo. Imanola mpeni, nkhwangwa ndi chikwanje mosalala kuposa gilayinda ya m'manja.

Nzeru ya m'tauni siichedwa kufika kumudzi. Tengani kwa Zingalume. Sindikamba komboni ya kuno kufupi ndi George, koma dziko la Mfumu Zingalume ku Chadiza. Mwezi wa October ukafika, mlimi aliyense kumeneko afuna khasu, nkhwangwa ndi khasu la pulawo zikhale zakuthwa mvula isanagwe. Mnyamata amene ali ndi makina onolera angapeze ya sopo, mwinanso ya feteleza. Felemu angawotcherere yekha, koma mota imachoka kuno kwa ife. Ndiye foni imalira: "Akulu, nifunileniko mota ku tauni, vina vonse napanga kale."

Apa ndi pamene ambiri a ife timaponya ndalama m'madzi. Timaona mota yonenepa, mtengo wabwino, wogulitsa ati "iyi ni yamphamvu maningi, bosi", basi tamanga m'saka, ulendo ku Intercity. Ine maganizo anga ni awa: mota ya gilayinda siigulidwa ndi maso. Iyenera kukhala yogwirizana ndi magetsi a kumene ipita, ndipo iyenera kupita pamodzi ndi swichi yoyenera ndi waya wa earth. Ngati ndalama siikwana pa zitatu zimenezi, kuli bwino mng'ono wanu adikire mwezi wina.

Mota iliyonse yabwino ili ndi kachitsulo pambali pamene panadindidwa manambala. Ngati kachitsuloko kanachotsedwa kapena kanafufutika, isiyeni, chifukwa mugula chinthu chimene simuchidziwa. Ngati kalipo, yambani ndi mtundu wa magetsi. M'nyumba zathu ndi m'tumashopu tambiri timalandira mavolti 230, single phase. Mamota ambiri a kaunjika ochoka m'mafakitale ndi m'mafamu ni a three phase, mavolti 400, ndipo n'chifukwa chake amatchipa: ogula ni ochepa. Mota yotero mukailumikiza ku soketi ya m'nyumba imangolira ngati njuchi osazungulira, ndipo mukaisiya choncho imapsa. Alipo amisiri amene amainamiza ndi kapasita kuti izungulire, koma mphamvu yake yambiri imatayika, ndipo imadzuka movutikira ngati munthu wa malungo.

Chachiwiri ni mphamvu. Pa lamba wa masentimita 5 m'lifupi, mota ya 1.1 kW kufika 1.5 kW ndiyo imachita bwino. Kwa amene munazolowera mahosipawa, ndiye kuti imodzi ndi theka kufika awiri. Kamota ka 0.37 kW kamaoneka kothamanga pamene kali chabe, koma mukangokanikiza khasu pa lamba kamaima, ndipo mota yoimitsidwa mokakamiza imakoka magetsi ochuluka mpaka mawaya a m'kati kununkha. Komanso musathamangire yaikulu. Ya 1.5 kW ya single phase imakoka ma amp pafupifupi 10, pamene pulagi yathu ya mano atatu malire ake ni 13. Mukapitirira apo mwayamba nkhondo ndi soketi.

Ngati mng'ono wanu adalira jenseti, nkhani ikula. Mota podzuka imakoka magetsi kasanu kapena kasanu ndi kawiri kuposa pamene yayamba kale kuyenda. Kajenseti kamene kamayatsa mababu ndi kuchaja mafoni sikangaidzutse. Mufunika jenseti yoposa mota pafupifupi katatu, ndiye ya 1.5 kW ifuna ya ma kVA 5 kapena pafupi pamenepo. Mufunseni kaye chimene ali nacho musanagule.

Chachitatu ni thupi la mota. Gilayinda imalavula fumbi la chitsulo, ndipo fumbi limeneli limadutsitsa magetsi. Mota imene muona mawaya a kopa kudzera m'mabowo imayamwa fumbilo tsiku ndi tsiku mpaka tsiku lina kuphulika. Funani yotsekeka, ya nthiti kunja ndi fani kumbuyo. Pa kachitsulo pamalembedwa IP55 kapena IP54. Apa ndi pamene mamota a makina ochapira zovala, amene ambiri amawakonda chifukwa amapezeka mwaulere, amagwera. Ngotseguka. Aja a makina a migolo iwiri mphamvu yao ni yochepa kwambiri. Ambiri a makina otsegulira kutsogolo ali ndi mabulashi, ndipo akakhala opanda katundu amazungulira koposa 10,000 pa mineti. Ikani lamba wa sandipepa pa liwiro limenelo, ndipo mudzamuona akuduka ndi kukwapula nkhope ya munthu.

Tsopano liwiro. Chifukwa magetsi athu ni a 50 Hz, mamota wamba amabwera mitundu iwiri: ozungulira pafupifupi 2,850 pa mineti, ndi ozungulira pafupifupi 1,425. Koma chimene chimanola khasu si mota, ni lamba, ndipo liwiro la lamba limadalira kukula kwa wilo lomukoka. Wilo la masentimita 10 kuchoka mbali ina kufika mbali ina limakoka lamba masentimita 31 likazungulira kamodzi. Pa mota ya 2,850, lamba ameneyo amathamanga mamita 15 pa sekondi. Wilo la masentimita 15 limamufikitsa pa mamita 22, liwiro labwino podya chitsulo chochuluka, monga kuwongola khasu lobunthiratu. Pa mota ya 1,425 ndi wilo la masentimita 10 amayenda mamita 7 ndi theka chabe, ndipo ili ndilo liwiro lomalizira mpeni.

Kusiyana kumeneku si nkhani ya kusukulu. Osula zitsulo akale anali kudziwa kuti chitsulo chimalankhula ndi mtundu. Nsonga ya mpeni ikasanduka yabuluu pa lamba, ndiye kuti yatentha kufika madigiri pafupifupi 300 ndipo yafewa. Idzaoneka yakuthwa lero, koma mawa amayi akadula nayo nkhuku imodzi yabunthanso. Kumudzi mbiri imayenda mofulumira kuposa basi. Mukafewetsa nkhwangwa ziwiri za a nyakwawa, bizinesi yatha. Ndiye munthu wonola afunika liwiro lalikulu ndi laling'ono, ndi chitini cha madzi pambali choviikamo chitsulo.

Nanga liwiro alisinthe bwanji? Kaswichi kozungulira kochepetsera kuwala kwa babu kapena liwiro la fani ya m'denga musakayese n'komwe. Mota ya mtundu uwu imatsatira ma 50 Hz aja. Mukaichepetsera mavolti siichedwa mwaulemu, imangofooka, kutentha, kenako kupsa. Njira zenizeni zilipo ziwiri.

Yoyamba ni ya mapule a masitepe, monga aja a pa makina oboolera. Pule ya pa mota ikalingana ndi ya pa wilo, liwiro ni lomwelo. Ikakhala theka la inzake, liwiro limatsika ndi theka ndipo mphamvu yokoka imakwera. Kusintha ni kuzimitsa makina ndi kusuntha lamba wa rabara ndi manja.

Yachiwiri ni kabokosi kotchedwa VFD. Kamalandira single phase ya m'nyumba n'kutulutsa three phase ya mavolti 230, ndipo mumasintha liwiro pongopotoza kabatani. Kamafuna mota ya three phase yolembedwa 230/400, yolumikizidwa mwa delta. Pa mota ya single phase ya kapasita sikagwira. Ubwino wake ni woona: kamadzutsa mota pang'onopang'ono, zimene zimapepukira jenseti, ndipo kamapatsa nchito mamota otchipa a three phase aja. Kwa mmisiri wa ku Garden amene wokonza ali naye pafupi, ndinganene kuti gulani, mukaike m'bokosi lotchinga fumbi. Koma kwa Zingalume ine ndivotera mapule. VFD ikafa ndi fumbi kapena mphezi, ni ulendo wa ku Chipata kapena kuno ku Lusaka, makilomita oposa 550 kuchoka ku Chipata komweko, ndipo nyengo yonola siidikira. Lamba wa rabara akaduka, wina amapezeka pa shopu ya zida za galimoto kapena za chigayo.

Koma chinthu chimene ndifuna mukumbukire kuposa zonse ni swichi. Tonse tikumbukira 2024. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ni tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo miyezi yotsatira madera ambiri anali kukhala opanda malaiti mpaka maola 21 pa tsiku. Tinaphunzira kuti malaiti amapita osatsazika ndipo amabwera osaodira, nthawi zina pakati pa usiku.

Manje ganizirani gilayinda ya swichi wamba, yonga ya babu. Mnyamata ali pakati ponola, malaiti apita, makina aima. Iye wanyamuka kukamwa madzi, swichi waisiya yoyatsa, chikwanje wachitsamiza pa lamba. Mwana wa mlongo wake wabwera kudzaseweretsa mawilo, pakuti ana amakonda chilichonse chozungulira. Malaiti akabwera, makina amadzuka okha pa liwiro lonse. Zomwezo zimachitika ndi jenseti imene yazima chifukwa cha mafuta, wina n'kuililitsanso kuseri kwa nyumba osadziwa kuti pa lamba pali dzanja.

Mankhwala ake ni sitata, kabokosi ka mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, konga kamene mumaona pa chigayo cha magetsi. M'kati mwake muli koyilo imene imagwira swichi pokhapokha magetsi alipo. Akapita, imataya, ndipo makina sadzukanso mpaka munthu adinize batani lobiriwira ndi chala chake. Sitata yabwino imakhalanso ndi overload, kachida kamene kamazimitsa mota ikayamba kukoka magetsi opitirira muyeso. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kumalekezero a mawaya aatali, kumene mavolti amafika ofooka. Kabokosi kameneka kamateteza mota ndi zala pamodzi. Batani lofiira likhale pamene dzanja lifika osayang'ana.

Waya wa earth, uja wobiriwira ndi wachikasu, ndiye amene amisiri a changu amadula n'kutaya ati alibe nchito. Koma felemu yonse ni chitsulo, wonola waima pa dothi atavala patapata, manja anyowa ndi madzi a m'chitini chija. Waya umodzi ukasupuka m'kati mwa mota, magetsi adzafuna njira yopita pansi, ndipo ngati earth palibe, njirayo ni munthu. Onjezani magalasi oteteza maso ndi chotchinga mphuno m'saka lomwelo, ndipo mumuuze kuti moto wothetheka pa lamba usayang'ane ku denga la udzu, ku thonje kapena ku chigubu cha petulo.

Ndidziwa zimene ena mukamba mu mtima apo mwapanikizana pa mpando wa kumbuyo: "Iwe mtolankhani, ndalama yake ni iti? Ife tigula chimene tikwanitsa." Zoona, zinthu zadula, ndipo amene atumiza kanthu kumudzi wachita kale zazikulu. Koma werengerani bwino. Mota yolakwika mudzailipira kawiri: pogula, ndi poitumiza kukakulungitsanso mawaya ikapsa, kuphatikiza ya basi kupita ndi kubwera. Ndipo mlimi amene wataya zala ziwiri mu October sagwira khasu chaka chimenecho. Banja limene munafuna kulichotsa pa msana panu lidzabweranso pa msana pomwepo, pamodzi ndi ndalama ya kuchipatala.

Mbali ina ya nkhaniyi si ya ife ogula chabe. Kuchoka mu 2022, pamene CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse, achinyamata ambiri apita kukaphunzira nchito za manja m'masukulu a pansi pa TEVETA, monga Chipata Trades. Pempho langa kwa aphunzitsi ni lakuti aliyense wophunzira kuwotcherera asatuluke asanadziwe kuwerenga kachitsulo ka mota ndi kufunika kwa sitata, chifukwa akafika kwao adzapanga makina, afune asafune. Makomiti a m'mawadi amene amalandira mapempho a ndalama za magulu nawonso azifunsa funso limodzi losavuta: makina amene mufuna kugula, malaiti akapita n'kubwera, adzuka okha kapena ayi?

Inu amene mupita kukagula Loweruka lino, chitani izi. Jambulani kachitsulo ka mota ndi foni, mutumize pa WhatsApp kwa mmisiri wa magetsi amene mumukhulupirira, mumuuzenso magetsi amene ali kumudziko. Zungulitsani shafuti ndi dzanja, mumve ngati mabering'i akhuluza. Wogulitsa ailumikize izungulire inu muli pomwepo kwa mphindi zingapo, muigwire ngati itentha. Akakana kuiyesa, ndalama yanu ibwerere m'thumba. Safunsa anadya phula.