Loko wa pakhomo lakumbuyo akuteteza mafuta ophikira, nanga ife?

Anzathu a geni, amayi ndi abambo amene mumadutsa pa Forbes ndi pa Nyamapanda, lero nkhani ya mtengo wa dola tiyiike pambali kaye. Tikambe za chitseko.

Loweruka lapitali tinalowa m'shopu ina yaikulu ya holoselo muno mu Mutare kukaoda mafuta ophikira ndi sopo. Dzina sititchula, poti khalidweli taliona m'mashopu ambiri, kuno ndi kwathu komwe. Kumapeto kwa mashelefu tinaona chikwangwani chobiriwira chija cha kamunthu kothamanga, cholembedwa EXIT. Pansi pake panali chitseko chomangidwa ndi unyolo, loko wamkulu ngati chibakera, ndipo makatoni a mafuta anali atasanjidwa patsogolo pake mpaka m'khosi. Tinafunsa mlonda kuti kiyi ali ndi ndani. Akuti ali ndi abwana. Nanga abwanawo ali kuti? Apita kubanki. Kunali kutha kwa mwezi, anthu ali pikitipikiti, amayi ena ndi ana kumsana, khomo lotulukira ndi limodzi lokha, lomwe limadutsa munthu mmodzimmodzi mlonda akuyang'ana risiti.

Mlondayo sitikumuimba mlandu, iye amangotsata zomwe wauzidwa. Mlandu ndi wa eni shopu, amene anakhala pansi n'kuona kuti katoni ya mafuta iposa mtengo wa munthu amene wabwera kudzaigula.

Tikudziwa chomwe amayankha. Amati khomo lakumbuyo likakhala lotsegula, antchito amazembetsa katundu. Kuba kulipodi, nafenso timaberedwa, sitikutsutsa. Koma chitseko choyenera pamalo otere chinapangidwa kalekale: chimakhala ndi chitsulo chopingasa chomwe umangokankha uli m'kati, kunja sichitseguka, ndipo chikatseguka belu limalira shopu yonse kumva. Wakuba sangadutsepo mwakachetechete, koma wothawa imfa amadutsa. Amene wasankha unyolo m'malo mwa chitseko chotere wangoumira ndalama, palibenso china.

Unyolo umenewu unapha kale anthu. Pa 1 Ogasiti 2004, mumzinda wa Asunción ku Paraguay, supamaketi ya Ycuá Bolaños inagwira moto Lamlungu masana. Makomo anatsekedwa kuti anthu asatuluke ndi katundu wosalipira. Anafa anthu oposa 300, ambiri mwa iwo ataunjikana pamakomo. Mwini wake, Juan Pío Paiva, anagamulidwa zaka 12 kundende, koma zakazo sizinadzutse aliyense. Pa 28 Januwale 2009 shopu ya Nakumatt Downtown ku Nairobi inapsa, anthu pafupifupi 30 n'kufa, ndipo opulumuka anafotokoza kuti makomo anatsekedwa poopa akuba. Mu mzinda womwewo, pa 21 Seputembala 2013, zigawenga za al-Shabaab zinalowa ndi mfuti pa Westgate Mall n'kupha anthu 67. Khomo lakumaso ndi lomwe linali ndi imfa tsiku limenelo. Ambiri omwe anali m'supamaketi anapulumukira kumbuyo, kumalo otsitsira katundu, komwe kasitomala safikako masiku onse.

Wina alemba pansipa kuti zimenezo n'zakutali, Mutare ndi mzinda wofatsa. Ndi wofatsadi, n'chifukwa chake timaukonda. Koma tisamaiwale msanga chonchi. Pa 12 Januwale 2019 boma la Zimbabwe linalengeza kuti mtengo wa petulo wakwera kupitirira kawiri, ndipo pofika pa 14 misewu inali itatsekedwa ndi miyala ndi matayala oyaka, mashopu ku Bulawayo ndi Harare akuthyoledwa, ena kuotchedwa. Bungwe la Human Rights Watch linati anthu 17 anaphedwa, ndipo intaneti inazimitsidwa dziko lonse. Kwathu ku Malawi, zionetsero za pa 20 Julaye 2011 zinatha ndi maliro a anthu 20 ndi mashopu ophwasulidwa ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Mu Julaye 2021 ku South Africa kunafa anthu oposa 350, ndipo khumi mwa iwo anafa popondana pa Ndofaya Mall ku Soweto. Kutsidya kwa phirili, ku Mozambique, chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chinabala zipolowe za miyezi, mashopu ndi nkhokwe za katundu zikuswedwa. Machipanda ili pamphuno pathu pomwepa. Njira yonse imene timayenda ife, kuchokera ku Limbe kukafika ku Johannesburg, palibe dziko lomwe silinaone zimenezi m'zaka 15 zapitazi.

Ndipo zipolowe zikayamba kunja, chinthu choyamba chomwe shopu imachita n'chodziwikiratu: amatsitsa chitseko chachitsulo chakumaso chija. Kwa eni shopu n'zanzeru, gulu lisalowe. Koma inu muli m'kati. Kumaso kwatsekedwa, kumbuyo kuli loko, abwana ali kubanki. Utsi wokhetsa misozi ukalowa, kapena wina akaponya botolo la petulo padenga, magetsi n'kuzima, muthawira kuti? Anthu ambiri pamoto samafa ndi malawi, amafa ndi utsi ndi kupondana, ndipo zimenezi zimatenga mphindi zochepa kwambiri. Palibe nthawi yoimbira foni munthu wosunga kiyi.

Tsopano tidzidzudzule tokha, chifukwa nafenso tili ndi matenda athu. Munthu wa geni satha kusiya katundu. Tayenda usiku wonse, tagona paboda, mpamba wake ndi ngongole ya banki m'khonde, ndiye wina akuwe kuti thawani ife tisiye trolley yodzaza? Tikudziwana. Ambirife tikhoza kuikankha mpaka pakhomo, n'kutseka nayo njira ya anthu onse akumbuyo. Katundu amene simunalipire si wanu, musiyeni. Ngakhale amene mwalipira, risiti ikani m'thumba, mkangano wake mudzachite mawa muli moyo.

Chinanso chomwe chimatipweteka ndi kauntala yosiyapo zikwama pakhomo. Tawaona amayi akusiya chikwama chonse pamenepo, pasipoti ili momwemo, n'kulandira kanambala. Zinthu zikavuta, phazi limakukokerani kumaso kukatenga chikwamacho, komwe kuli ngoziyo. Pasipoti, foni ndi ndalama zizikhala pathupi, m'kachikwama ka m'chiuno kapena m'kati mwa chitenje. Kukauntala kuzipita zovala ndi matumba opanda kanthu.

Mukalowa m'shopu yaikulu, musanayambe kuwerengera mitengo, yendani kaye mpaka kumapeto. Onani komwe kuli chikwangwani chobiriwira, onani ngati chitseko chake chili ndi loko kapena chatsekedwa ndi katundu. Onaninso komwe antchito amalowera ndi katundu. Nthawi zambiri kumakhala kuseri kwa butchala kapena kophikira buledi, ndipo njira imeneyo imatulukira komwe malole amatsitsira. Tsiku la ngozi, mawu oti Staff Only sakukhudzani. Ngati mwabwera awiri kapena atatu, panganani pokumana kunja, malo enieni odziwika, osati kudalira WhatsApp, poti mu 2019 inangoti zii. Ndipo mukamva kuti m'tauni mwayamba kutentha, musanene kuti ndingomaliza kaye pamzerewu. Mzere wa patili ndi womwe uli pafupi ndi magalasi akumaso.

Ena mumati ndife alendo m'dziko la eni, tikalankhula atithamangitsa. Mantha amenewa timawamva, koma tawaganizireni bwino. Ife sitigula paketi imodzi ya shuga. Timaoda makatoni, ndi ndalama zakunja, mwezi ndi mwezi. Manijala amatidziwa nkhope, ena amatipatsa ndi mpando. Kasitomala wotere akafunsa mwaulemu kuti bwanji khomo lothawira lili ndi loko, amamveka. Akafunsa anthu khumi sabata imodzi, makatoni amasuntha. Akakana, khonsolo ya mzinda ili ndi ozimitsa moto, ndipo kuyendera makomo otere ndi ntchito yawo. Anzathu okhala konkuno amene ali ndi zitupa za dziko lino angathe kukanena popanda choopa. Antchito a m'shopumo nawonso adzakuthokozani chamumtima, chifukwa iwo amakhala kuseri kwa loko ameneyo tsiku lonse, ife timangodutsa.

Ifeyo tinapempha kuonana ndi abwana aja atabwerako kubanki. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti makatoniwo angoikidwa kwa kanthawi, malo achepa. Fumbi lomwe linali pa unyolo silinali la kanthawi. Tawauza kuti tibweranso ulendo wamawa, ndipo tikakapeza lokoyo akadalipo, oda yathu ya mafuta tikaiperekera kwina. Amene mukulowa m'tauni sabata ino, yang'anani makomo a komwe mumaoda, mufunse kaye eni ake, kenaka mutiuze zomwe akuyankhani.