Nanga tutor amuuza ndani akalakwitsa?

Kondakita watsopano pa Kulima Tower saphunzira nchito yekha. Dalaiva amuyang'ana pa galasi, ndipo akabweza cenji yopelewela, ise okwela timuuza pamene apo, nthawi zina ndi mau opitilila. Sabata ikatha, mnyamata wadziwa nchito. Manje tikwele ya ku Chelstone, titsikile pa UNZA, tifunse za ma tutor.

Kwa amene simuwadziwa: lecturer aphunzitsa ana mazana nthawi imodzi mu holo. Pambuyo pake ana agawidwa m'tumagulu, ndipo amene awafotokozela zimene sanamve ndi kuconga ma assignment ni tutor. Kambili ni wacicepele amene wamaliza digili posacedwa, anakhoza bwino, manje acita masters. Mwana wanu wa caka coyamba, uja mulipilila boarding house ku Kalingalinga, akamba ndi uyu kuposa ndi pulofesa.

Koma kukhoza mayeso sindiye kudziwa kuphunzitsa. Wofuna kukhala mphunzitsi wa pulaimale acita teaching practice, a ku koleji abwela kukhala kumbuyo kwa kalasi ndi colembela, ndipo afunikanso kulembetsa ku Teaching Council of Zambia. Tutor yekha ndiye tingomupatsa coko, ati "uli na nzelu, uzakwanitsa"?

Ena adzati kuli mafomu amene ana adzaza kosi ikatha. Afika mocedwa amenewo, wofeluka wafeluka kale. Ndiponso ni mwana uti angalembe zoona za munthu amene agwila ma marks ake?

Ine niti lecturer alowe mu tutorial sabata yacitatu, akhale cete kumbuyo. Akatuluka akambilane awili cabe, osati pamaso pa ana, amuuze zinthu ziwili zokonza, mwezi ukatha abwelenso. Atenge mapepala khumi, aliyense aconge payekha, aone pamene asiyana. Ana nao alembe pa kapepala kopanda dzina cimene sanamvetse, kosi ikali pakati.

Cimodzi cabe: zisakhale zocotsela munthu nchito. Tutor akadziwa kuti malipilo ake ali m'manja mwa ana, adzayamba kugawa ma marks monga maswiti kuti amukonde.

A Higher Education Authority, amene lamulo la 2013 linawapatsa nchito yoyang'anila mayunivesiti, akamayendela aboma ndi apulaiveti omwe, afunseko kuti ma tutor awaphunzitsa ndani, ndipo anawaonelela liti mu kalasi.