Mtima wogunda mosokonezeka: cifukwa cake mankhwala akale akadali ofunika kwathu kuno

Pa 29 Setembala caka ciliconse, dziko lonse limakumbukira Tsiku la Mtima. Pa wailesi timamva za tensão, za mcere ndi za fodya. Koma pali matenda ena a mtima amene sachulidwa kawirikawiri, pamene akupundula anthu m'midzi mwathu. Awa ndi matenda a mtima wogunda mosokonezeka. Ku cipatala amawachula kuti fibrilhação auricular.

Kodi matendawa ndi otani?

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri m'mwamba ndi ziwiri m'munsi. Mtima wabwino umagunda ngati musi wa mayi wodziwa kusinja: di, di, di, mofanana. Mwa munthu wodwala matendawa, zipinda zam'mwamba sizifinya bwino magazi, zimangonjenjemera. Ndiye mtima umathamanga, kenaka umacedwa, kenaka umadumpha.

Mungathe kudziyesa nokha. Khalani pansi, mupume kaye. Ikani zala ziwiri pa mkono, m'munsi mwa cala cacikulu. Mtima wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo umagunda mofanana. Ngati wanu ukugunda mopanda dongosolo, pitani ku cipatala. Kumeneko ali ndi makina ojambula kagundidwe ka mtima pa pepala, ochedwa ECG.

Ena amamva mtima ukuti phaphapha m'cifuwa. Ena amatopa msanga, amabanika akakwera katunda, kapena miyendo imatupa. Koma ena samva ciliconse. Ngozi yaikulu ili apa: magazi akamazungulira pang'onopang'ono m'cipinda conjenjemera cija, amaundana. Kacibuma ka magazi kakacoka mu mtima n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amafa ziwalo. Ici ndi cimene ku cipatala amati AVC. Munthu wa matendawa ali pa ngozi ya AVC pafupifupi kasanu kuposa mnzake amene alibe.

Gwero lake kuno ku Moçambique

Ku Ulaya matendawa amagwira kwambiri nkhalamba. Kwathu kuno amagwiranso acinyamata ndi amayi a zaka 30 kapena 40. Zifukwa zazikulu ndi ziwiri.

Coyamba ndi tensão. Kafukufuku wa dziko lathu wa mu 2005 anapeza kuti anthu 33 mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi tensão yokwera. Patapita zaka pafupifupi 10, anali atafika 39. Tensão ikakhala yokwera zaka zambiri, mtima umatupa ndipo kagundidwe kake kamasokonezeka.

Caciwiri ndi zilonda zapakhosi za paubwana. Mwana akadwala pakhosi cifukwa ca tizilombo tina, osalandira penicilina, thupi lake lingathe kuwononga tizitseko ta mu mtima timene timatsegula ndi kutseka njira ya magazi. Vutoli limabisala zaka zambiri. Mu 2007 madotolo anafalitsa zimene anapeza atayesa ana a sukulu oposa 2000 ku Maputo. Mmodzi mwa madotolowo anali Ana Olga Mocumbi, katswiri wa mtima wa dziko lathu. Atayamba ndi kumvetsera m'cifuwa, anapeza ana pafupifupi 2 mwa 1000 alionse ali ndi tizitseko towonongeka. Atawaunika onse ndi makina oonera mtima, anapeza ana 30 mwa 1000. Ambiri mwa ana otere amakula osadziwa kanthu, mpaka mtima utayamba kusokonezeka.

Kodi mtima ungabwerere mwakale?

Matendawa akangoyamba kumene, nthawi zina ungabwerere. Madotolo amamugoneka munthu ndi mankhwala, n'kuudzidzimutsa mtima ndi magetsi. Njira ina ndi yolowetsa kapaipi kakang'ono mu mtsempha wa pa ncafu mpaka kukafika mu mtima, n'kuwotcha timalo timene tikuyambitsa cisokonezo. Njira imeneyi ndi yodula, ndipo imafuna makina ndi akatswiri amene sapezeka m'zipatala za m'madisitiritu.

Komanso matendawa akapitirira caka cathunthu osaleka, zipinda zam'mwamba zimakhala zitatanuka kale. Ngakhale mtima utabwezedwa m'malo mwake, kawirikawiri umasokonezekanso. N'cifukwa cake kwa wodwala wa nthawi yaitali madotolo amayang'ana zinthu ziwiri. Amapereka mankhwala ocepetsa liwiro la mtima, monga atenolol kapena digoxina, kuti munthu azipuma bwino ndi kugwira nchito. Amaperekanso mankhwala oletsa magazi kuundana, kuti AVC isabwere. Munthu angathe kukhala zaka zambiri mtima ukugunda mosokonezeka, bola zinthu ziwirizi zikusamalidwa.

Mankhwala atsopano ndi akale

Mankhwala akale oletsa magazi kuundana ndi varfarina. Akhala akugwiritsidwa nchito kucokera m'zaka za m'ma 1950, ndipo ndi ocipa. Kuvuta kwake n'kwakuti amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Kuyeza kumeneku kumachedwa INR. Kwa odwala ambiri nambala yake iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika, magazi angaundane. Ikakwera kwambiri, munthu angataye magazi.

Masiku ano kuli mankhwala atsopano, monga rivaroxaban ndi dabigatran, amene safuna INR. Mu 2019 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la OMS linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Anthu ambiri anaganiza kuti nthawi ya varfarina yatha.

Koma mu 2022 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wochedwa INVICTUS. Anayesa odwala oposa 4500 m'maiko 24 a ku Africa, Asia ndi Latin America. Onse anali ndi mtima wosokonezeka cifukwa ca tizitseko towonongeka tija. Ambiri anali amayi. Ena anamwa rivaroxaban, ena anamwa mankhwala a mtundu wa varfarina. Patapita zaka pafupifupi 3, anthu amene anamwalira anali ocepa pakati pa omwa mankhwala akale aja.

Tanthauzo lake kwa ife n'lomveka. Mankhwala atsopano ndi abwino kwa munthu amene matenda ake acokera ku tensão kapena ku ukalamba. Koma kwa amene tizitseko take tinawonongeka paubwana, varfarina ndiye woyenera. Ndipo odwala otere kwathu kuno ndi ambiri.

Vuto ndi mtunda

Varfarina popanda INR ali ngati kuyenda usiku popanda nyali. Mayi wa ku Tsangano, ku Macanga kapena ku Lago akauzidwa kuti azikayezetsa magazi mwezi ndi mwezi ku mzinda wa Tete kapena ku Lichinga, ndalama ya galimoto aipeza kuti? Ambiri amapita kawiri katatu, kenaka basi, amaleka.

Pamene tikukamba za makina odula, tisaiwale zinthu zazing'ono zimene zingapulumutse anthu ambiri. Alipo makina a INR okwana m'dzanja, oyeza ndi kadontho ka magazi ka pa cala, ngati momwe amayezera shuga. Makina otere akufunika m'zipatala za m'madisitiritu. Varfarina ndi penicilina asamasowe. Namwino aliyense akamayeza tensão azigwiranso mkono kuti amve kagundidwe ka mtima. Mu 2018 maiko a mu OMS anagwirizana zolimbana ndi matenda a tizitseko ta mtima. Tikamakumana ndi akuluakulu a zaumoyo m'misonkhano ya m'dera, tiziwafunsa kuti pangano limeneli lafika pati kwathu kuno.

Zimene banja lingacite lero

Ngati kwanu kuli womwa varfarina, asamadumphitse tsiku, ndipo asamaonjezere yekha. Tsiku loyezetsa ndi nambala ya INR azilemba m'kope. Asamwe aspirina, ibuprofeno kapena mankhwala azitsamba osafunsa dotolo. Akayamba mankhwala a TB kapena ma ARV, anene kuti amamwa varfarina, pakuti mankhwalawa amasintha mphamvu yake. Ndiwo zamasamba monga nkhwani, mpiru ndi bonongwe azidya ndithu, koma mofanana masiku onse, osati zambirimbiri lero mawa ayi. Mayi amene akufuna kutenga mimba ayambe wakamba ndi dotolo, cifukwa varfarina angavulaze mwana m'mimba. Akaona magazi m'mkodzo, cimbudzi cakuda bii, kapena kamfuno kosaleka, athamangire ku cipatala.

Pakamwa pakapotoka mwadzidzidzi, mkono ukafooka, kapena mawu akayamba kusamveka, musadikire kuti kuce. Nyamulani wodwalayo nthawi yomweyo.

Ndipo mwana akadandaula pakhosi, thupi likutentha, musangomupatsa madzi ofunda n'kumuuza kuti zitha zokha. Pitani naye ku cipatala akamuone. Penicilina wa lero angamupulumutse ku matenda a mtima amene akanadzamupeza ali ndi ana ake.