Thiraki imodzi, zigawo zambiri: kalembera wa galimoto zazikulu ku America

Ku United States kulibe ofesi imodzi yolembetsako galimoto za dziko lonse. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi malamulo ake, mitengo yake ndi nambala zake. Mwini kagalimoto kopitira kuntchito savutika nazo zimenezi. Amene zimamugwera ndi wa thiraki, yemwe amapakira katundu ku Texas n'kukatsitsa ku Ohio atadutsa m'zigawo zingapo, chilichonse chikufuna kangachepe kokonzera misewu yake.

Pali mapepala awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi title, chikalata cha umwini, chofanana ndi blue book ya kwathu kuno. Pamalembedwa dzina la mwini, nambala ya VIN yokhala ndi zilembo ndi manambala 17, komanso dzina la banki ngati thirakiyo ndi yangongole. Dzina la bankilo lisanafufutidwe, wogula sangasinthe umwini. Thiraki ikakhala kuti inaphwanyikapo mpaka a inshulansi kuitaya, chikalatacho chimadindidwa kuti salvage. Komabe wogula yakale achenjere: lamulo lokakamiza wogulitsa kulemba mtunda umene galimoto yayenda silikhudza zolemera kuposa mapaundi 16,000, choncho za kutopa kwa injini asadalire pepalali.

Lachiwiri ndi chilolezo choyendera pamsewu, cholipira chaka ndi chaka, ndipo mtengo wake umakwera ndi kulemera kwa galimotoyo. Kale wodutsa malire a zigawo ankafunika nambala zingapo pathiraki imodzi. Mu 1973 kunayamba mgwirizano wa International Registration Plan, umene lero muli zigawo 48 zogundizana, Washington DC ndi zigawo 10 za Canada. Umakhudza galimoto yoyenda m'zigawo ziwiri kapena kuposerapo, yolemera kupitirira mapaundi 26,000, pafupifupi matani 12, kapena yokhala ndi maekiselo atatu kupita m'tsogolo.

Mwini amalembetsa kwawo kokha, kumene kuli ofesi yake, n'kulandira nambala imodzi ndi khadi losunga m'galimoto. Ndalama ndiye zimagawidwa potengera mtunda. Tiyerekeze kuti pa mamailosi 100 aliwonse, 60 anayenda ku Texas ndipo 40 ku Oklahoma: adzalipira magawo 60 pa 100 a mtengo wa Texas, ndi magawo 40 pa 100 a mtengo wa Oklahoma. Ine ndimaona kuti apa anaganiza bwino. Thiraki ndiyo imakumba phula, ndipo n'chilungamo kuti ndalama zipite kumene matayala aponda. Msonkho wa dizilo nawo umagawidwa motero pansi pa mgwirizano wa IFTA, miyezi itatu iliyonse.

Boma lalikulu la ku Washington silinakhale chete. Thiraki yofika mapaundi 55,000 imalipira msonkho ku bungwe lotolera misonkho la IRS kudzera pa Form 2290, kuyambira madola 100 mpaka 550 pachaka, ndipo popanda umboni woti walipira, chigawo sichikupatsa chilolezo. Wonyamula katundu kudutsa malire amafunikanso nambala ya USDOT yolembedwa m'mbali mwa galimoto. Ngolo zokoka zili ndi nkhani yawoyawo: zambiri zimavala nambala ya Maine ngakhale sizinafikeko n'kamodzi komwe, chifukwa kumeneko n'kotchipa ndipo amalola kulembetsa zaka zambiri nthawi imodzi.

Pamene ndondomekoyi imaluma ndi pa munthu wa thiraki imodzi. Kampani yaikulu ili ndi akalaliki owerengera mitunda. Koma wa thiraki imodziyu ndi dalaivala, ndi makanika, ndiyenso mlembi, ndipo akalowa ku Oregon, New York, Kentucky kapena New Mexico amapezanso msonkho wina wa kulemera ndi mtunda. Oyendera mabuku akabwera amafuna kuona ulendo uliwonse ndi malisiti a mafuta a zaka zinayi zapitazo, ndipo zikasowa amangomuikira mtengo wawo pamodzi ndi chindapusa.